Za Kulera Ana a Alendo Othawa Kwao

Mwezi uno tifuna kuika pamaso panu funso limene liri lapafupi kulifunsa, koma lolemera kulisenza. Munthu akathawa kwao chifukwa cha nkhondo, nafika m'dziko la eni ali ndi khanda kumbuyo, napempha malo, ndipo eni dziko asanamyankhe papita chaka, kapena zaka zisanu, kodi tiri nao mangawa anji kwa khanda lija m'zaka zimenezo? Kodi lilinde pamodzi ndi amache kufikira mlandu wao utatha, kapena pali kanthu kamene tiyenera kulichitira lero lomwe? Ife tinena kuti mangawawo alipo, ndi kuti njira yoposa zonse yakuwabweza ndiyo kuphunzitsa anthu amene khandalo liri m'manja mwao. Tiyeni tilingirire pamodzi ngati tinena zoona.

Poyamba tilongosole anthu amene tinena za iwo. Malamulo a maiko asiyanitsa pakati pa wothawa kwao amene boma linamva nkhani yache ndi kumlandira, ndi wina amene wangopempha kumene, mlandu wache uli chikhalire pamaso pa akuru. Wachiwiriyu afanana ndi munthu woima pakhomo atanena "odi", mwini nyumba asanati "lowani"; pakuti sali kunja, ndiponso sali m'kati. Kuno kwathu anthu a magulu awiri onsewa asonkhanitsidwa ku msasa wa Dzaleka, m'boma la Dowa. Msasawo unatsegulidwa m'chaka cha 1994, pa malo pamene panali ndende ya andale m'masiku a Dr Banda. Anaukonzera anthu 10,000 kapena 12,000. Koma pofika chaka cha 2023 anthu ache anapitirira 50,000, ochuruka a iwo ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, ena owerengeka ku Ethiopia ndi ku Somalia, ndipo monga theka la khamu lonselo ndiwo ana. Pamene dziko lathu linavomera pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwao, silinavomera mau onse a m'menemo, makamaka a ufulu wakuyenda ndi wakugwira nchito yamalipiro. Chifukwa chache anthuwa sakhala pamene afuna, ndipo sadya thukuta lao monga akadachitira kwao. M'mwezi wa May 2023 apolisi anagwira mazana a iwo amene anakhala m'mzinda wa Lilongwe, akazi ndi ana omwe, nawatengera ku Dzaleka. Ndipo m'chaka chomwecho a World Food Programme, posowa ndalama, anadula thandizo la chakudya kufikira theka la muyeso wache.

Anthu amati dzina lakuti Dzaleka linachokera ku mau a wandende wakulapa, wonena kuti ndidzaleka. Nanga mwana wobadwira mumsasamo adzaleka chiani? Iye sanautsa nkhondo, sanaoloka malire ndi mapazi ache, ndipo sadziwa kuti kuli chikalata chimene atate wache achilindira. Makolo ache akakhala ndi mlandu, aweruze iwo amene aikidwa kuweruza. Koma pa mwanayo palibe mlandu ai.

Tsono taonani kusiyana kwa wamkuru ndi mwana pa nkhani ya kulinda. Munthu wamkuru akhoza kulinda zaka zitatu. Zimpweteka ndithu, koma aturuka m'menemo ali munthu yemwe uja, ndi nzeru zache, ndi chinenero chache. Mwana satero, popeza zaka zitatu zimenezo ndizo zimene ziumba munthuyo. Iwo amene afufuza za thupi la munthu atiuza kuti masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mai aima kufikira mwana atakwana zaka 2, aposa masiku ena onse pa kakulidwe ka bongo. Ndi kuti mwana akafika zaka 5 bongo wache wafika kale monga magawo 9 mwa magawo 10 a ukuru wache wonse. Ndipo bongowo sukula ndi phala lokha. Khanda likalira wina nalinyamula, likaloza chala wina natchula dzina la chinthucho, likamwetulira wina namwetuliranso, pamenepo liphunzira kulankhula, kuganiza, ndi kukhulupirira anthu. Makolo athu anachidziwa ichi, nati, M'mera mpoyamba. Mlimi amene achedwa kupalira sauza chimanga kuti chilinde kufikira atachira. Thengo lichita nchito yache ngakhale mwini munda ali nacho chifukwa chomveka. Maiko omwe anachizindikira, pakuti m'pangano la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analowamo m'chaka cha 1991, anaikamo pa gawo 22 kuti mwana amene akali kupempha malo ayenera kutetezedwa ndi kuthandizidwa monga mnzache amene walandiridwa kale.

Koma wina adzati, Chabwino, mpatseni chakudya ndi mankhwala. Nanga za kuphunzitsa alezi zadza bwanji? Kodi mai aphunzitsidwa kulera mwana wache? Agogo athu analera ana khumi osaona khomo la sukulu. Kodi tayamba kuphunzitsa nkhuku kufungatira anapiye? Funso ili liri ndi nzeru, ndipo tisalipeputse. Koma tiyankha kuti agogo athu anaphunzitsidwa ndithu, angakhale panalibe bolodi ndi choko. Mtsikana anayamba kubereka mng'ono wache kumbuyo asanathe msinkhu. Ataima mimba yoyamba, anamkungwi anadza kudzamlangiza. Ali m'chikuta, amai akuru anamuonetsa kusambitsa khanda ndi kuliyamwitsa. Nyimbo zotonthoza anazimva kwa agogo ache. Ndipo tsiku limene anadwala kapena kulema, mbale wache anamlandira mwanayo osapemphedwa. Mudzi wonse unali sukulu ya alezi, ndipo midzi ya ku Kivu ndi ya ku Burundi inali nayo sukulu yache yotere. Nkhondo ikadza, imwaza sukulu imeneyo poyamba. Mtsikana afika ku Karonga ali yekha ndi khanda; amache anatsala, kapena anafera panjira; iwo amene amanga naye moyandikana mumsasa ali a mtundu wina, ndipo kapena a mtundu womwe uja umene anauthawa. Chimene chamtayika si chikondi ai, koma aphunzitsi ache ndi omlandira katundu. Potero kumphunzitsa iye si kumnyoza. Ndiko kumbwezera pang'ono mwa zimene mudzi wache ukadampatsa.

Palinso china. Mai amene anaona zoopsa ndi maso ache anyamula zoopsazo mumtima. Akhala chete nthawi yaitali, tulo timthawa, akwiya msanga. Ndipo khanda liyang'ana nkhope yache, osapezapo yankho. Mantha a mwana atha akathamangira kwa wamkuru wodekha mtima. Koma wamkuruyo akagwidwanso ndi mantha, mwana adzathawira kwa yani? Thupi lache likhala monga la munthu wothamangitsidwa masiku onse, ndipo mwana wotere avutika kugona, kusewera ndi kuphunzira. Chifukwa chache amene afuna kuthandiza mwana wa wothawa kwao ayambe wathandiza iye amene ambereka.

Tisanene za m'mutu mwathu zokha. Tiyeni tione zimene zinayesedwa m'malo anai, chimodzi chimodzi.

Choyamba chinachitika ku England pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anna Freud, amene iye mwini anathawa ku Vienna m'chaka cha 1938, anatsegula pamodzi ndi Dorothy Burlingham nyumba zolereramo ana ku Hampstead, mu London, m'chaka cha 1941, pamene mabomba analikugwa pa mzindawo. Anaona kuti ana ang'ono anasautsika ndi kulekana ndi amao koposa kusautsika ndi mabomba, ndi kuti mwana wokhala pafupi ndi mai wodekha anapirira phokoso limene akuru analiopa. Pamenepo anagawa anawo m'timagulu ta ana monga anai, kagulu kali konse ndi mlezi wache wache, kuti mwana adziwe nkhope imodzi yothamangirako. Ndipo ambiri a aleziwo anali atsikana othawa kwao ochokera ku Germany ndi ku Austria. Anna Freud anawaphunzitsa kupenyetsetsa mwana ali yense ndi kulemba zimene aona. Taonani, othawa kwao anasanduka alezi a ana a eni dziko.

Chachiwiri chinachitika ku Kingston, m'dziko la Jamaica, kuyambira m'chaka cha 1986. Kumeneko sikunali nkhondo, koma umphawi. Sally Grantham-McGregor ndi anzache anatenga ana 129 opinimbira, osapitirira zaka 2, nawagawa. Ena analandira mkaka. Ena anachezeredwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, amene anaonetsa mai kusewera ndi mwana wache, kulankhula naye, ndi kumyamikira, ndi zidole zopanga ndi zinthu za pakhomo. Ena analandira zonse ziwiri, ndipo ena sanalandira zimenezi. Patapita zaka 20 ofufuza anawalondola anawo, napeza kuti phindu la mkaka linazimirira, koma la masewera linatsala. Ndipo analengeza m'chaka cha 2014 kuti iwo amene amao anaphunzitsidwa analikulandira malipiro oposa a anzao, kotero kuti pamene mnzao alandira 100, iwo alandira 125. Sitinena kuti chakudya chiri chachabe, pakuti mwana wanjala sasewera. Koma tinena kuti chakudya chokha sichikwanira.

Chachitatu chinachitika kwathu konkuno. Kuyambira m'chaka cha 2011 boma ndi World Bank anayesa sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Zonse zinalandira zoseweretsa ndi zophunzitsira. M'zina alezi anaphunzitsidwa. Ndipo m'zina, kuonjezera pa maphunziro a alezi, makolo anasonkhanitsidwa m'magulu kuti aphunzire zochita ndi ana ao kunyumba. Itapita miyezi 18, alezi ophunzitsidwa analikugwira nchito yao bwino koposa kale. Koma ana amene anaoneka opambana m'kulankhula ndi m'kukhala bwino ndi anzao anali iwo amene makolo ao anaphunzira pamodzi ndi alezi. Ndipo itapita miyezi 36, kusiyanako sikunaonekenso. Mau awa ali owawa, koma tisawabise, popeza atiphunzitsa zinthu ziwiri: kuti mlezi yekha sakhoza kanthu kunyumba kukakhala chete, ndi kuti maphunziro a kamodzi ali ngati kupalira kamodzi m'dzinja lonse.

Chachinai chinachitika pakati pa othawa kwao enieni. M'chaka cha 2017 anthu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 anathawa ku Myanmar, nalowa m'misasa ya ku Cox's Bazar m'dziko la Bangladesh. Bungwe la BRAC linakonza malo oseweramo ana ang'ono m'misasamo, ndipo silinatenga alezi akutali, koma linaphunzitsa atsikana ndi amai a mtundu womwewo, kuti atsogolere ana ndi nyimbo, ndi nthano, ndi masewera a kwao. Anatero pozindikira kuti mwana amene wataya nyumba yache asatayenso mau amene amache amtonthoza nao.

Pa zinai izi titolapo malangizo omveka. Alezi a ku Dzaleka asankhidwe pakati pa anthu a mumsasa momwemo, olankhula Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda, kuti mwana amve mau a kwao asanayambe a eni dziko. Mlezi asasenzetsedwe chikhamu cha ana, koma akhale ndi kagulu kamene adziwa maina ao ndi makhalidwe ao. Makolo aphunzire pamodzi naye, atate omwe, pakuti atate amene aletsedwa nchito ali nayo nthawi yochuruka, ndipo manja ache sayenera kukhala opanda kanthu. Ndipo wophunzitsa abwerenso, mwezi ndi mwezi, kudzaona, kudzakonza, ndi kudzalimbikitsa.

Nanga aphunzitsidwe chiani? M'chaka cha 2018 a World Health Organization, a UNICEF ndi a World Bank anatchula zinthu zisanu zimene mwana wamng'ono asowa: thanzi, chakudya chokwanira, chitetezo, womyankha akaitana, ndi mpata wakuphunzira. Pa ziwiri zotsirizazi ndipo mlezi ali ndi mphamvu yaikuru, chifukwa sizigulidwa ndi ndalama. Aphunzire kuzindikira mwana wamantha: uja amene waleka kulankhula, uja amene wayambanso kukodza pamphasa, uja wokakamira chitenje cha amache, uja womenya anzache popanda chifukwa. Wosaphunzira ayesa ana otere amwano, natenga mkwapulo; wophunzira adziwa kuti akulira ndi thupi popeza mau alibe. Aphunzire kugwada kufikira maso ache alingana ndi a mwana, kumfunsa ndi kulinda yankho. Aphunzire kuumba ng'ombe zadothi, kumanga mpira wa mapepala, kuwerengetsa ndi miyala ndi zitsekerero za mabotolo. Aphunzire kusunga dongosolo limodzi tsiku ndi tsiku, kusamba m'manja, nyimbo, phala, nthano, pakuti mwana amene dziko lache linagwedezeka apeza mpumulo podziwa chimene chidza pambuyo pa chinzache. Aphunzirenso kuona mai amene chisoni chamlemera, kukhala naye pansi, ndi kumperekeza kwa odziwa za matenda a mtima ndi maganizo. Ndipo ife tisaiwale kuti mleziyo ali ndi mimba yache ndi ana ache. Amene amphunzitsa namsiya wopanda ngakhale sopo, asazizwe akamuona ataleka nchito ndi kupita kukagulitsa mandasi.

Tsopano tifika pa chokana chimene chiri cholimba koposa. Wina adzati, Ana athu omwe ali pa mavuto; kodi tisiye athu ndi kulera a eni? Anena zoona za mavutowo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira. Ndipo m'sukulu zathu za mkombaphala alezi ambiri agwira nchito mongodzipereka, ambiri a iwo osaphunzitsidwa. Tikadakhala tinena za thumba la ufa, bwenzi tikuti kupatsa uyu ndiko kumana uyo. Koma nzeru yakulera ifanana ndi moto: mnzako akadzapala, pa mafuwa pako sipazizira. Mphunzitsi amene aphunzitsa alezi khumi a mumsasa akhoza kukhazika pa mphasa yomweyo alezi khumi a midzi yozungulira Dzaleka, ndipo onse apindula. Mai wa ku Dowa adzamva nyimbo ya ku Bukavu, mai wa ku Bukavu adzaphunzira kukonza phala la mgaiwa losakaniza ndi nsinjiro. Ndipo nsanje imene imera pamene mlendo alandira chimene mwini mudzi alibe idzasowa pomera. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Winanso adzati, Mlendo ndi mame. Tivutikiranji ndi mwana amene mawa adzachoka? Koma mame a ku Dzaleka sanakamuka kuyambira 1994, ndipo ana obadwa m'zaka zoyamba za msasawo abala ao ana komweko. Ena adzachoka ndithu, kubwerera kwao kapena kupita ku America, ku Canada ndi ku Australia. Koma chimene chinaikidwa mwa mwana apita nacho, chabwino kapena choipa. Tikumbukire anansi athu a ku Mozambique, amene anakhala pakati pathu oposa 1,000,000 nkhondo yao isanathe ndi pangano la ku Rome m'chaka cha 1992. Makanda amene anaberekedwa pa misana m'maboma a Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza m'masiku aja ndiwo amuna ndi akazi amene tigulana nao malonda pa malire lero. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo tisayese kuti kugona mumsasa kuli tsoka la mitundu ina yokha: m'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anasamutsa anthu athu oposa 500,000 m'chigawo cha kum'mwera, ndipo amai a ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre anayamwitsa ana ao m'zipinda za sukulu, pakati pa anthu osawadziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe. Ndipo alezi amene tiwaphunzitsa chifukwa cha ana a alendo ndiwo adzadziwa chochita ndi ana athu pa tsiku lotere.

Chifukwa chache, abale, tipempha akuru a boma kuti powerenga alezi oyenera kuphunzitsidwa m'dziko muno awerengenso a mumsasa. Tipempha mabungwe ogwira nchito ku Dzaleka kuti pogawa ndalama zao zochepazo asaike ana osakwana msinkhu wa sukulu pa mapeto, chifukwa chakuti iwo sadziwa kudandaula. Tipempha mafumu ndi magulu a amai a ku Dowa kuti atsegule njira yakuti alezi a m'midzi ndi a mumsasa aphunzire pamodzi. Ndipo inu owerenga amene muli kutali ndi Dowa, penyani m'mudzi mwanu kapena pa malo pamene mukhala; mudzapeza mai wachilendo amene alibe amache pafupi, ndipo mudziwa chimene agogo anu akadamchitira. Mlandu wa makolo udzaweruzidwa pa nthawi yache, ndipo tifuna kuti uweruzidwe msanga ndi molungama. Koma mwanayo akula lero, ndipo iye amene ati ndidzamthandiza chikalata chikaturuka adzapeza kuti mtengo wauma kale m'kupindika kwache.